Chigubu changa choyamba cha wayini chinakana kuwira

Masiku asanu athunthu chigubu chili zii, osatulutsa ngakhale kathovu. Ndinali nditasungunula juwisi uja wa m'botolo wothira madzi, kuthira shuga ndi yisiti, kumanga baluni pakamwa, ndiye m'mawa uliwonse ndinkadzukira kukasuzumira koma baluni ili lende basi. Zinandiwawa kwambiri, poti ndinali nditatsuka chilichonse ndi madzi owira mpaka sipuni yomwe.

Vuto linali pa timalemba tating'ono ta kumbuyo kwa botolo tomwe ambirife sitiwerenga. Panalembedwa potassium sorbate ndi sodium benzoate, mankhwala oteteza kuti juwisi asaonongeke, ndipo ntchito yake ndi yomweyo yoletsa yisiti kuswana. Vitamini C yekha alibe vuto, koma awiriwa mukawaona dziwani kuti simuphula kanthu.

Juwisi wa ufa wa m'mapaketi naye ali ndi zake. Wina amatsekemera ndi aspartame kapena sucralose, zomwe yisiti sadya ngakhale pang'ono, ndiye shuga weniweni muyenera kuthira nokha. Komanso mu ufamo mulibe chipatso, muli zotsekemera, asidi, fungo ndi mtundu basi, yisiti amakhala ndi njala chifukwa shuga yekha samukwanira. Akavutika amatulutsa kafungo ka dzira lovunda, ndinakamva kamodzi sindikufunanso.

Ndiye pano ndimachita motembenuza. Ndimayamba ndi madzi owiritsa ozizira malita 5, shuga kilogalamu imodzi, mphesa zouma zodzaza dzanja zoduladula kuti yisiti apeze chakudya, ufa wa juwisi uja ndimausunga kaye. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita amapereka 1% ya mowa, ndiye muyezo umenewu umafika cha m'ma 11 kapena 12%. Yisiti wa buledi amagwira ntchito ndithu koma amasiya kakomedwe ka buledi, ine ndimakonda yisiti wa wayini wotchedwa Lalvin EC-1118 yemwe amapirira mpaka 18%.

Baluni muiboole ndi singano kamodzi, mpweya uzituluka koma wakunja usalowe, apo ayi mupeza viniga. Ndipo chonde anthuni, musatseke chivindikiro zolimba pamene zikuwira, botolo limaphulika zenizeni ndipo la galasi litha kuvulaza munthu.

Tsiku lachiwiri mukaika khutu pachigubu mumamva kuti sssii, timathovu tikukwera m'mbali, baluni itaima njoo. Phokoso limenelo ndimalikonda koopsa. Pakatha masabata awiri kapena atatu baluni imagwa yokha, yisiti amadikha pansi ngati matope oyera, ndimakoka wayini ndi kapaipi pang'onopang'ono osagwedeza chigubu.

Apa mpomwe ndimathira ufa uja, paketi imodzi kaye, kulawa, kenako kuonjezera. Ngati ufawo uli ndi shuga musathamangire kutseka, dikirani masiku angapo chifukwa ukhoza kuyambanso kuwira. Fungo la chipatso limakhala lonse poti silinauluke ndi mpweya. Wa sabata ino ndathira wa mapichesi, ndausiya ukhale mwezi m'malo amdima ndisanautsegule.