Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Wamanzere wa ku Bwalo Lakumapeto

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe bwana wa kukhitchini ya koleji anandiuza kuti ntchito yotsuka mbale yatha, ndikafune kwina. Viza ya wophunzira ku America imangolola kugwira ntchito pasukulu pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndiye "kwina" kwakeko kunali kochepa. Ku laibulale kunali kodzaza. Ku ofesi ya makompyuta chimodzimodzi. Malo okha amene aliyense ankawathawa anali ochapa mayunifomu ndi kusamalira bwalo la timu ya baseball.

Masewera amenewa ndinali ndisanawaonepo. Tsiku loyamba nditaima kumpanda ndinaseka ndekha, ndinati awa si maraundasi omwe tinkasewera ku pulayimale ku Ntcheu? Wina akuponya, wina akumenya, kenako liwiro kuzungulira makona anayi. Kungoti kampira kake nkolimba ngati mwala, ndipo kamachoka pa kachulu ka woponya kukafika kwa womenya, mamita 18 ndi pang'ono, usanamalize kuphethira. Amayi nditawauza pafoni anayamba akhala chete. Kenako anati, "Ndiye mwanawe, wawolokera nyanja kukachapira amuna anzako?" Ndinati eya amayi, koma amalipira pa ola.

Timu yathu inali yogonjagonja, ndisabise. Koleji yake ndi yaing'ono, kumpoto kwa Indiana, ndipo imasewera mu Division III, gawo lotsika pa magawo atatu a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji ku America. Kuti mumve bwino mavuto athu, nthawi imeneyo sukulu za Division I zinkaloledwa kugawa ndalama zokwana masikolashipu 11.7 kwa osewera a baseball, za Division II masikolashipu 9. Ku Division III kulibe ngakhale imodzi. Mnyamata amasewera chifukwa choukonda mpira, fizi akulipira makolo kapena ngongole. Pamwamba pa apo, nyengo inkatizonda. Anzathu a ku Florida ndi Texas amakhala ali pabwalo mu February, ife bwalo litakwiririka ndi chipale chofewa. Tinkachitira mapulakatisi mu jimu ya basketball 5 koloko m'mawa, eni jimuwo asanadzuke, titapachika maukonde kuti tisaswe magetsi. Mu March tinkakwera basi usana ndi usiku kupita ku Florida kukasewera sabata imodzi, ndi ndalama zomwe anyamata anasonkha okha, n'kukakumana ndi matimu oti aponda kale udzu mwezi wathunthu.

Chinanso chimene chinkandinyansa, ndipo chimandinyansabe, ndi ichi. Akuluakulu a sukulu sankadandaula kwenikweni tikaluza. Kwa iwo timu inali khomo lolowetsera ophunzira olipira fizi, ndiye ankafuna mayina ambiri pamndandanda. Ndinkachapa mayunifomu a anyamata ena omwe chaka chonse sanadetsepo bondo. A Kochi ankadana nazo zimenezi, koma nawonso anali ndi ana oti adye.

A Kochi anali bambo wa imvi, wosalankhulalankhula, woyenda motsimphina chifukwa maondo anathera pa kunjuta kumbuyo kwa womenya, kuwakha mipira zaka zambirimbiri. Wothandizira wawo ankalandira kandalama kochepa moti m'mawa ankagwira ntchito ina. Ndiye atazindikira kuti ndimalemba manambala mosamala, anandipatsa kope ndi kamfuti koyezera liwiro la mpira. Umu ndi momwe ndinapezekera m'galimoto yawo mu July 2018, tikupita ku Grand Park ku Westfield, pafupi ndi Indianapolis.

Kumeneko kuli mabwalo oposa 20 malo amodzi. Anyamata a sekondale amasonkhana kudzaonetsa luso, makolo atalipira ndalama zambiri. Amawathamangitsa mayadi 60 wotchi ili m'manja. Wowakha amamuyeza ngati mpira wake ukufika pa kona yachiwiri m'masekondi awiri. Koma maso onse amakhala pa oponya. Kuseri kwa waya kunali gulu la makochi a sukulu zikuluzikulu, aliyense chipewa cholembedwa dzina la sukulu yake. Mnyamata akatukula mwendo, timfuti tonse m'mwamba. Pakatuluka 90, kutanthauza mamailosi 90 pa ola, pafupifupi makilomita 145, mumangomva mapepala kuphwanyuka, onse akulemba. Pakatuluka 82, onse maso pafoni.

Ine ndinakakamira pomwepo, ndikusangalala ndi ma 90. A Kochi anandikoka malaya. "Awo si athu," anatero. "Tiye uko."

Uko kunali bwalo lakumapeto, kufupi ndi koimika magalimoto, komwe oonerera anali makolo okhaokha. Ndinakumbukira amayi anga popita kumsika madzulo mavenda akulongedza, kukasankha matimati omwe ena awasiya. Pa kachulu panali mnyamata wamtali, woonda ngati bango, woponya ndi manzere. Kamfuti kanga kanalemba 81, kenako 82, kenako 80. Posakhalitsa wina anamumenyera mpira unakagwa kunja kwa mpanda. Ndinatseka kope. A Kochi anati nditsegule.

Iwo sankayang'ana mpira unapita uja. Ankayang'ana nkhope ya mnyamatayo. Sanatukwane, sanayang'ane anzake ngati olakwa ndi iwo. Anangotambasula golovesi kupempha mpira wina, ndipo wotsatirayo anamuponyera pomwepo pomwe anafuna. Ining'i (chigawo cha masewerawo) itatha mayi ake anamubweretsera madzi kumpanda, iye anawalandira n'kuthokoza. A Kochi analemba mawu atatu okha m'kope langa, m'munsi mwa manambala: miyendo, chakudya, mtima. Awiri oyambawo anawazunguliza, kusonyeza kuti ndi ntchito yathu. Lachitatulo anangolichonga.

Mu October anabwera kudzaona sukulu ndi bambo ake, omwe ankagwira ntchito m'fakitale yopanga magalimoto ogonamo ku Elkhart. Kunagwa mvula usiku, pa kona yachitatu panali chithaphwi, ndipo anandipeza ndikukapa madzi ndi chidebe. Manyazi anandigwira ine m'malo mwa sukulu. Mu ofesi bambowo sanazungulire, anafunsa kuti mwanayu mumupatsa zingati. A Kochi anatulutsa pepala la chithandizo chomwe sukulu imapereka potengera magiredi ndi kapezedwe ka banja, n'kunena kuti, "Ya mpira ndilibe ngakhale dola imodzi. Chomwe ndili nacho ndi mpira weniweniwo. Kwina akakhala pabenchi zaka ziwiri. Kuno aziponya." Bambowo anayang'ana pawindo, pomwe chidebe changa chinali chikadali pabwalo. Anati akaganiza.

Anabwera mu August 2019. Anzake ankangomutchula kuti Wamanzere, nanenso ndimutchula choncho.

Ine ndinkaganiza kuti woponya amalimbitsidwa mkono. Ayi ndithu. Miyezi yoyamba A Kochi anamuletsa kuponya mwamphamvu. Mphamvu ya mpira imachokera pansi, kuphazi lakumbuyo, kudzera m'chiuno, mkono umangomalizitsa. Wamanzere ankatsegula chiuno msanga, ndiye mkono unkatsalira n'kumavutika wokha. Masukulu olemera ali ndi makina a Rapsodo oyeza momwe mpira ukuzungulirira. Ife tinali ndi foni yanga. Ndinkagwada pambali kujambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono, kenako atatufe mitu pamodzi pa kasikirini kosweka pakona, A Kochi akuloza ndi chikhadabo pomwe phazi likutera. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndinajambula phazi limenelo mpaka ndinkalilota.

Nthawi imeneyo aliyense ankakamba za mipira yolemera ya Driveline Baseball, ya ku Kent ku Washington, yomwe inatchuka kuti imawonjezera liwiro. Tinagula seti imodzi ya timu yonse. Koma A Kochi ankawerenga kuponya kulikonse ngati mayi wowerenga mapilisi a mwana. Ankaopa kamtsempha ka m'chigongono komwe kakaduka pamafunika opaleshoni yotchedwa Tommy John, dzina la woponya woyamba kuchitidwa opaleshoniyi ndi Dr. Frank Jobe mu 1974. Kuchira kwake kumatenga chaka kapena kupitirira. Sukulu yaikulu woponya akaduka imatulutsa wina pabenchi. Ife tinalibe wina.

Za chakudya ndinazitenga ine. Mnyamatayo ankadya ngati mbalame. Lamlungu lina ndinamuitana kuchipinda, ndinaphika nsima ya ufa wogula m'sitolo ya anthu a ku Mexico, ndi nyemba za mafuta ambiri. Anafunsa foloko, ndinamuonetsa mpopi wosambira m'manja. Ntanda woyamba anaudya mwaulemu chabe. Pofika December ankabwera yekha, atanyamula nkhuku.

Pa 12 March 2020 NCAA inathetsa mipikisano yonse yotsala chifukwa cha Covid-19, ndipo sizoni yathu inafera pomwepo. Anyamata anabalalika. Ine ndinatsala m'hositelo ndi alendo anzanga ochepa omwe tinalibe kolowera. Chomwe chinkandidzutsa m'mawa chinali mavidiyo a Wamanzere, akuponyera muukonde womangirira pa galaja la bambo ake. Ndinkawaonera, kulemba m'kope, kutumiza kwa A Kochi. Miyezi ija yachete, kope limenelo ndilo linali mnzanga.

Pofika 2021 anali munthu wina. Mapewa atadzaza, kamfuti kanga kakulemba 88, 89, ndipo anali ataphunzira mpira wonyenga uja wotchedwa changeup, womwe mkono umathamanga ngati kale koma mpira umafika mochedwa, womenya n'kumenya mphepo. Tsiku lomwe akuponya iye tinkakwera basi tikudziwa kuti tikhoza kupambana. Kwa timu ngati yathu kumva choncho kunali kwachilendo, anyamata mpaka ankaimba pobwerera.

M'nyengo yotentha A Kochi anamupezera malo mu Prospect League, ligi ya ophunzira a m'makoleji komwe amamenya ndi zibonga zamtengo. Kumeneko ndi komwe azipewa aja anamuona. Ndipo chaka chomwecho, mu April, NCAA inali itasintha lamulo: wosewera wosamukira ku Division I koyamba sankafunikanso kukhala chaka chathunthu osasewera.

Anabwera mu ofesi kumapeto kwa July, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pakona ndikupinda masokosi, ndipo palibe anandiuza kuti ndituluke. Anati sukulu ina yaikulu ikumufuna, ndipo ikulipira gawo lalikulu la fizi. Mawu ankanjenjemera. Mtima wanga unawira. Kulima ife, kupalira ife, okolola ena? Anthu omwewo amene anali maso pafoni tsiku lija ku Westfield?

A Kochi anangofunsa funso limodzi, lakuti wophunzitsa oponya kumeneko ndi ndani. Atamva dzina anatenga foni n'kumuimbira pomwepo. Ndinkayembekeza mkangano. M'malo mwake ndinamva akufotokoza kuti mnyamatayu akatopa chiuno chimatseguka msanga, kuti asamuponyetse masiku otsatizana, kuti amafunika kumukumbutsa kudya. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Mupatse kope lija."

Ndinazengereza. Munali zaka zitatu m'menemo, kuyambira 81 wa ku bwalo lakumapeto. Ndinalitulutsa m'chikwama n'kumupatsa ndi manja awiri, monga timaperekera kwathu. Iye anandikumbatira, n'kufunsa ngati ufa uja umapezekanso kumene akupitako.

Yunifomu yake ndinaichapa madzulo omwewo, ndinaipinda n'kuiika pashelefu pamodzi ndi zinzake. M'mawa mwake isanakwane 6 koloko ndinamva hutala panja pa hositelo. A Kochi anali m'galimoto, makapu awiri a khofi, ndi kope latsopano pampando wanga, mtengo wake usanamatulidwe. Anati ku Ohio kuli mnyamata wowakha amene aliyense akuti ndi wamfupi kwambiri.