Zimene ndikuphunzira pa kuyeza injini za ndege kuno ku Johannesburg

Pa maphunziro okonza ndege amene ndikuchita kuno ku Johannesburg, gawo limene landidyera nthawi yambiri ndi la kuyeza mmene injini ya turbine ikugwirira ntchito. Timayang'ana liwiro la mashafti awiri, N1 ndi N2, kuchuluka kwa mafuta amene akupsa pa ola, komanso kutentha kwa mpweya wotuluka, kumene timangoti EGT.

Manambalawa sitingawayerekeze mmene tawawerengera. Bwalo la ndege la OR Tambo lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masana a mu Januwale kukatentha mpweya umapepukiratu, injini imameza wochepa, mphamvu yokankha ndege n'kutsika. N'chifukwa chake msewu wina wonyamukira pabwaloli ndi wautali kupitirira mamita 4,400. Injini yomweyo ikanyamukira ku Durban, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, imaonetsa manambala ena ngakhale palibe chasintha mkati mwake. Choncho timayamba tasintha manambala onse kuti agwirizane ndi muyeso wa mpweya wogwirizana padziko lonse wotchedwa ISA, womwe ndi kutentha kwa madigiri 15 Celsius ndi kupanikizika kwa mpweya kwa 1013.25 hPa pamlingo wa nyanja yamchere.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi EGT margin, mpata wotsala pakati pa kutentha kwa injini ponyamuka tsiku lotentha ndi malire amene opanga anaika. Kompuresa, gawo lopanikiza mpweya wolowa mu injini, ikada ndi fumbi, kapena nsonga za mapiko ake zikaperepeseka, injini imafuna mafuta ambiri kuti ipereke mphamvu yomweyo, ndipo mpatawo umachepa. Kutsuka kompuresa ndi madzi kumabwezeretsako madigiri angapo, koma chitsulo choperepeseka sichibwerera ndi madzi.

Mkulu wina wa ku Mulanje, amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, anandiuza kuti, "Achimwene, zili ngati kusikelo ya ana: kulemera kwa tsiku limodzi sikunena zambiri, namwino amaona mzere wa pakhadi." Mzere wa EGT ukamakwera pang'onopang'ono, injini ikungokalamba, ndipo tingakonzeretu nthawi yoichotsa pa phiko. Ukadumpha mwadzidzidzi, pali china chachitika. Ngati EGT yakwera yokha pamene mafuta ndi N2 sizinasunthe, timayamba takayikira chipangizo choyezera kutenthacho. Koma zikasuntha zonse pamodzi, timafufuza mavalavu otulutsa mpweya ndi kulowetsa borescope, kachipangizo koonera mkati mwa injini, kuti tione mapiko a turbine ndi maso.