Ulendo wa Chigwirizano ku Nkhoma: tinakapeza agogo ali pa ntchito

Tinanyamuka ku Kawale Loweruka m'mamawa, amayi 23 a Chigwirizano ndi akulu ampingo awiri otiperekeza. Kumbuyo kwa basi tinadzaza shuga, mchere, sopo, zitenje ndi mabulangete, pakuti unali mwezi wa June ndipo kuphiri kuja kumazizira kuposa m'tauni muno. Tinadutsa Nathenje tikuimba, n'kukhota pa Kamphata, phiri la Nkhoma likuonekera patali.

Ndinene zoona, ine ndinakwera basiyo mtima uli wolemera. Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi chaka chatha nditakwanitsa zaka 60. Chipumireni, ndimadzuka m'mawa, kusesa pakhomo, kenako n'kumangoyang'ana msewu. Ana anakula, ena ali ku Joni. Ndinkadzifunsa ngati Mulungu akadali nane ntchito.

Tinaima kaye pa misheni. Mmodzi wa akulu ampingo anatikumbutsa kuti malowa anatsegulidwa mu 1896 ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, atayamba kale ku Mvera mu 1889, ndipo kuti Buku Lopatulika limene timanyamula m'zikwamamu linatuluka mu 1922. Titapemphera, tinapitirira ku mpingo wa kumudzi umene unatiitana.

Tinkayembekeza kupeza nkhalamba zitakhala pamphasa kudikira mphatso. Anatilandira ndi nyimbo ndi nthungululu, ndipo wotsogolera nyimbo anali agogo aakazi oyendera ndodo, opitirira zaka 80. Tisanatsitse katundu anatigwira dzanja: "Ana anga, bwerani muone kaye zimene timachita kuno."

Pansi pa mtengo wa mango panali agogo aamuna anayi akuluka malichero ndi kusoka mphasa, anyamata atawazungulira akuphunzira. Akagulitsa, gawo lina la ndalama limalowa m'thumba lothandizira odwala. Agogo aakazi ali ndi munda wawo wa mtedza ndi soya. Amene sangathenso kugwira khasu amasenda mtedza, amalera makanda anzawo ali kumunda, ndipo aliyense anapatsidwa mabanja amene amawapempherera powatchula mayina. Palibe amene anamusiya wopanda chochita, ngakhale wogona m'nyumba.

Agogo otsogolera nyimbo aja ndinakhala nawo nthawi yaitali. Anandiuza kuti anakhala zaka zingapo osaona chifukwa cha ng'ala, mpaka mdzukulu wawo anawatengera ku chipatala cha Nkhoma, kumene anawachita opaleshoni. Atabwerako, chinthu choyamba anapempha Baibulo lawo. Lero amaphunzitsa atsikana a kalasi katekisimu, komanso akulera zidzukulu zitatu zamasiye. Nditawauza za kupuma kwanga, anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Muli ndi zaka zingati, amayi?"

"61, agogo."

"Kalebe anapempha phiri ali ndi zaka 85. Inu mwapempha chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Nkhani ya pa Yoswa 14 ndaiwerenga kangapo, koma sindinaiwerengepo ngati yonena za ine. Anawonjezera Anna wa pa Luka 2, wamasiye wokalamba amene sankachoka m'Kachisi, ndipo anaona mwana Yesu nayamba kuuza anthu za Iye.

Titatha nkhomaliro ya nsima, nkhuku ndi nkhwani wotendera, zokambirana zinafika pa nkhani yowawa. Pakati pawo panali agogo ena amene sanalankhule tsiku lonse. Anathamangitsidwa kumudzi kwawo mwana wina atamwalira ndi malungo, achibale awo enieni akuwanena kuti ndi mfiti. Anzawo a mumpingowu ndi amene anawapezera kanyumba, ndipo amasinthana kukagona nawo. Mmodzi wa akulu ampingo athu anafotokoza kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndiponso kuti mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma malamulowo safika okha pakhomo la gogo usiku anthu atanyamula miyala. Amene amafika ndi anansi. Ndipo zimandipweteka kuti ambiri mwa oloza chala amakhala Akhristu anzathu, amene Lamulungu amaimba nafe limodzi. Mayi akakhala ndi imvi, maso ofiira ndi utsi wa kukhitchini, kuiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, ife timati tapeza umboni. Abusa athu ayenera kulalikira za tchimo limeneli molitchula dzina.

Mphatso tinapereka, ndipo anazilandira ndi manja awiri. Mabulangete awiri anapita kwa agogo osalankhula aja. Nawonso sanatilole kubwerera chimanjamanja: anatipakirira thumba la mtedza ndi malichero asanu.

Pobwerera m'basi munali zii mpaka pa Nathenje. Ndi pamene amayi apampando anafunsa kuti kodi mumpingo wathu muli okalamba angati amene anasiya kubwera. Tinayamba kuwerenga pa zala n'kufika 14. Ena miyendo inawakana, ena saonanso bwino, ndipo ife timawakumbukira pa Khirisimasi pokha, ndi paketi ya shuga. Sitinawafunsepo ngakhale kamodzi kuti atilangize kapena atipempherere, pamene Tito 2 amapereka kwa amayi achikulire ntchito yophunzitsa atsikana.

Lachinayi lapitali tinagwirizana zogawana makomo 14 aja. Ine ndapatsidwa agogo atatu a ku Biwi ndi ku Mchesi, kuti ndizikawawerengera Baibulo Lachiwiri lililonse ndi kulemba nyimbo zakale zimene amaziloweza, kuti kwaya ya achinyamata iphunzire. Anzathu a ku Nkhoma adzatibwezera ulendowu pa 1 October, tsiku lokumbukira okalamba pa dziko lonse. Amene ali ndi malo ogona alendo awiri kapena atatu aonane ndi mlembi wa Chigwirizano mwezi uno usanathe.