Pamsana pa kavalo wa Abasotho ku Semonkong

Kwathu ku Dedza ndinakula ndikudziwa ngolo ya ng'ombe ndi bulu basi. Za akavalo ndinkangozimva ku tchalitchi, akamalalikira za asilikali a Farao aja anamira m'nyanja. Ndiye mnzanga amene timagwira naye ntchito ku Bloemfontein atandiuza kuti tikacheze kwawo ku Lesotho, nkuwonjezera kuti kumudzi kwa amalume ake galimoto sifika, ndinaseka poganiza kuti akungondiopseza.

Tinawolokera pa Maseru Bridge, kenaka minibasi inayamba kukwera mapiri kulowera ku Semonkong. Unali mwezi wa July. Anthu amatama Dedza kuti kumazizira, koma abale anga, Dedza ndi mwana. Tauni ya Semonkong ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, ndipo m'mawa madzi a mu ndowa tinawapeza ataundana pamwamba.

Chimene chinandigwira mtima poyamba si mapiri ayi, koma panja pa magolosale. Mmene timaimikira njinga za kabaza pa Chimbiya, iwo amamangirira akavalo. Bambo amatsika atafunda bulangete lake lochindikala, kumapazi majombo, nkulowa kukagula palafini ndi shuga, potuluka nkumangirira katunduyo kumbuyo kwa chishalo. Matumba a ufa ndi makireti amasenzetsa abulu. Kumunda ndinaona akulima ndi ng'ombe ngati kwathu. Kavalo ndiye miyendo ya munthu: wopita ku chipatala, ku maliro, kukaona nkhosa kubusa, onse ndi pamsana.

Amalume a mnzangayo, amene aliyense amangowaitana kuti Ntate, anandisankhira kavalo wofula, wofiirira, wamfupi moti msana wake unkandilekeza pachifuwa. Ndinadandaula chamumtima kuti andipatsa wa ana. Tinanyamuka kulowera ku mathithi a Maletsunyane, amene madzi ake amagwa mamita 192 osagunda pena paliponse. Nthunzi yake ndi imene inapatsa malowa dzina, poti Semonkong ndiye kuti malo a utsi.

Pachigwa zinthu zinkayenda bwino. Akavalo awa ali ndi kayendedwe kena kamene Mabuno amakatcha trippel: sakuthamanga, sakuyenda, akungoseseleka, wokwera osadumphadumpha. Mavuto anayamba potsetsereka. Kanjira kake kanali ka miyala yokhayokha, kumanzere phompho. Ine mantha, ndinakoka zingwe ndi mphamvu zonse.

"Musiyeni, mwana wanga," anatero Ntate osacheuka nkomwe. "Njirayi akuidziwa kuposa inu."

Ndinamasula. Kavalo uja anaweramitsa mutu mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza mwala, nkupuma mwamphamvu, kenaka nkuponda chiboda chimodzi, kuyesa ngati mwalawo ukugwedera, ndiye nkubweretsa chinzake. Pena ankakhala ngati wakhala pansi ndi miyendo yakumbuyo nkutsetsereka pang'ono. Ziboda zake zinalibe zitsulo, koma zinali zolimba ngati mpini wa mlombwa. Titafika pansi ndinazindikira kuti ndakhala ndikupemphera mokweza mu Chichewa.

Chodabwitsa nchakuti nyama imeneyi si yakale m'mapirimu. Ngakhale dzina lake mu Sesotho, pere, ndi lobwereka ku mawu a Mabuno akuti perd, monga mmene ife tinatengera kavalo kwa Apwitikizi. Akavalo oyamba anafika ku Cape, kumwera kwa South Africa, mu 1653, atabwera ndi kampani ya Adatchi kuchokera ku chilumba cha Java. Pambuyo pake anawasakaniza ndi a ku Persia ndi a ku England, nkutuluka mtundu umene unkatchedwa kavalo wa ku Cape. Amenewa ndi amene Agriqua ndi Akorana, mitundu ya anthu a ku South Africa, ankakwera pobwera ndi mfuti kudzalanda ng'ombe za Abasotho cha m'ma 1820 ndi 1830. Mfumu ya Abasotho, Moshoeshoe, imene inakhazikika pa phiri la Thaba Bosiu mu 1824, inaona kuti mkondo ndi miyendo sizingalimbane ndi adani otere. Mbiri imati kavalo wake woyamba anamupatsa ndi Moorosi, mfumu ya Abaphuthi. Kuyambira pamenepo Abasotho anayamba kusonkhanitsa akavalo: kulanda kunkhondo, kugula, ena kukagwira ntchito m'mafamu a azungu nkulipidwa kavalo kapena mfuti.

Zotsala anamaliza ndi mapiri. Kunalibe makola ofunda, kunalibe chakudya chogula. Kavalo wosapirira chisanu ndi udzu wouma ankafa asanabereke, wopulumuka ndiye ankasiya mbewu. Mibadwo ingapo yokha, thupi linafupika, miyendo nkulimba. Kukwera kwa dzikoli kunathandizanso, chifukwa tizilombo tofalitsa matenda amene amapulula akavalo kumadera otentha sitichita bwino m'chisanu chotere. Kwathu kuno kashembe ndi matenda omwewo ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti makolo athu asamuzolowere kavalo.

Pofika mu December 1852, pamene Sir George Cathcart anabwera ndi asilikali a Britain pa phiri la Berea, anakumana ndi Abasotho masauzande ali pa akavalo, ndipo anabwerera osafika pa Thaba Bosiu. Mu 1880 boma la atsamunda la ku Cape, limene linkayendetsa dziko la Abasotho panthawiyo, linalamula kuti Abasotho apereke mfuti zawo. Anakana, nkuyamba nkhondo imene imatchedwa ya Mfuti. Pa Qalabane, kufupi ndi Mafeteng, okwera akavalo a Abasotho anabisalira gulu la asilikali a Cape nkulikantha. Mfuti sanapereke, ndipo mu 1884 Cape inalitula dzikolo m'manja mwa London. Mpaka lero dzina la apolisi a m'dzikomo, Lesotho Mounted Police Service, likunenabe za apolisi okwera akavalo.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandiwawa. Kavalo amene adani analephera kumugonjetsa anatsala pang'ono kutha chifukwa cha msika. Pa nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902, mahatchi akuluakulu ochokera kunja ankafa ngati ntchentche, ndiye asilikali anathamangira ku Basutoland (dzina la Lesotho panthawiyo) ndi ndalama m'manja. Anagula masauzande ambirimbiri, ndipo wogula wankhondo safuna wowonda, amasankha weniweni. Ambiri sanabwerere. Ine mwana wa mlimi ndinakumbukira chaka china bambo anga atakopeka ndi mtengo wa mavenda nkugulitsa mtedza wonse, ndi wambewu womwe. Ndalama inatha mwezi umodzi, dzinja litafika tinakapempha mbewu kwa azakhali.

Zoyesa kukonza zinabwera mochedwa. Atsamunda anabweretsa amphongo a mtundu wa Arab ndi Thoroughbred. Ku South Africa, mu 1952, boma linatolera akavalo otsala a magazi a kavalo wa Abasotho pa famu ya kafukufuku ya Nooitgedacht kufupi ndi Ermelo, ndipo kumeneko kunatuluka mtundu wa Nooitgedachter. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dziko la Ireland linathandiza Lesotho kutsegula malo obereketsera akavalo ku Thaba-Tseka, nkubweretsa amphongo a mtundu wa Connemara, nawonso ozolowera miyala ndi mphepo. Choncho amene ndinakwera ine mwina ali ndi agogo ku Java, ku England ndi ku Ireland komwe. Nditawauza Ntate zimenezi anangogwedeza mapewa. Iwo chimene amayang'ana pogula ndi mano, ziboda, ndi mmene akutsikira phiri. Anati masiku ano anyamata akufuna akavalo ataliatali a mpikisano, poti pa mijaha ya pa Semonkong pamayenda ndalama zobetcha, koma oterowo ukawatengera kubusa m'chisanu amakusiya panjira.

Tinabwerera dzuwa litapendeka. Potsika pa chishalo miyendo inakana kubwerera m'malo mwake, ndinayenda chotangadza mpaka ana a pamudzipo kugwa nako kuseka. Amayi a pakhomopo anatipatsa papa, nsima yawo youma ija, ndi ndiwo zamasamba zimene amati moroho. Ndinadya choimirira. Ntate anamasula chishalo, nkupukuta msana wa kavalo uja ndi chiguduli cha thumba, nkumumenya pang'ono pathako. Anapita yekha kukadya udzu kuseri kwa khola la nkhosa, kumene chisanu chinali chitayamba kale kuyera.