Snowmobile yatsopano musaikhulupirire: zimene ndinapeza pa makilomita 300 oyamba

Dzulo ndi pamene ndatsiriza kukonza thiraki ya snowmobile yanga yatsopano, ndipo mtima wakhala pansi, ngakhale ndikakumbukira Loweruka limene ndinataya pamsewu ndikukoka ngolo ndimapsabe mtima. Abale angapo amene tili kuno kumpoto kwa Ontario mwayamba kufunsa za makina amenewa, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale. Kwa inu muli kumudzi, ganizirani njinga yamoto yopanda matayala: kutsogolo maski (skis) awiri otsetsereka pa sinowo, kumbuyo chilamba chachikulu cha labala chokhala ndi mano, chimene timangoti thiraki. Ndi chimene chimapalasa sinowo kuti muyende.

Musananyamule makina pashopu, jambulani ndi foni. Jambulani pansi, mbali zonse ziwiri za thiraki, lamba wa injini, mlingo wa madzi ndi wa oilo, ndi nambala ya makilomita. Ine sindinachite zimenezi, ndipo m'pamene panayambira mavuto anga onse.

Za mapepala sinditaya nthawi. Kulembetsa, inshuwalansi, chilolezo cha OFSC (bungwe la makalabu a snowmobile mu Ontario) ngati mudzayenda m'njira za makalabu, zonsezi zimatheka. Ingoonani kuti nambala ya VIN, yozindikiritsa makinawo, yodindidwa m'mbali mwa thupi la aluminiyamu lophimba thiraki ikufanana ndi ya papepala.

Chimene chikundiwawa ndi mzere umodzi wa pa lisiti wolembedwa kuti PDI. Ndi ndalama yoti ogulitsa ayendere makina asanakupatseni. Snowmobile imabwera kuchokera kufakitale ili m'chibokosi, maski ndi galasi lakutsogolo zili padera. Amakaniko a pashopu ndi amene amamanga, kuona madzi ndi oilo, kukunga thiraki ndi kuiwongola. Ndinalipira madola mazana angapo pa ntchito imeneyi. Nditayenda makilomita osakwana 300 ndinayamba kumva fungo la pulasitiki wopserera ndikaima.

Fungo limenelo ndi la masilaida, ena amati hyfax. Ndi timizere tiwiri ta pulasitiki tovekedwa pansi pa njanji ziwiri za aluminiyamu zimene thiraki imatsetserekapo. Alibe girizi kapena oilo, chowaziziritsa ndi kuwafewetsa ndi sinowo amene thiraki imawaza. M'mbali mwake muli kamzere kosonyeza malire. Akadyeka kufika pamenepo, muwasinthe, apo ayi tizitsulo ta thiraki tiyamba kudya njanji yeniyeniyo, imene ndi yodula. Atsopano amadyeka msanga masiku oyamba, makamaka kutsogolo pamene njanji imapindika, kenako amadekha. Zimenezo si vuto. Vuto ndi pamene mbali imodzi yatha kuposa inzake. Langa lakumanzere linali litatsala mamilimita awiri kufika pa kamzere, lakumanja lili ngati latsopano, ndipo pa tizitsulo ta thiraki panali pulasitiki wosungunuka womata ngati phula. Thiraki inali yokungika kwambiri, komanso yopendekera kumanzere.

Ndinaimba foni kushopu, mtsikana woyankha akuti bweretsani Loweruka tidzaone. Ndinadzuka m'mamawa kukuzizira madigiri -25, kukweza makina pangolo, malamba omangira ataumiratu ngati nkhuni, maola awiri pamsewu. Kufika uko, akuti makaniko wa za waranti sagwira Loweruka, ndipo mzere wa okonzetsa ndi wa milungu itatu. Mu Januwale! Nyengo yabwino ya sinowo ndi miyezi yowerengeka yokha, ndiye munthu usiye makina milungu itatu? Bambo wa pa kauntala anatuluka, kusuzumira pansi osagwada n'komwe, n'kunena kuti masilaida ndi zinthu zotha ndi ntchito, monga lamba, mapulagi ndi makabaidi (timipeni ta pansi pa maski), ndipo waranti silipira zimenezo. Anawonjeza kuti mwina ndinayenda pa ayezi. Ndinafunsa za PDI ija, iwo anandifunsa ngati ndili ndi umboni woti thiraki inachoka pashopu ili yokhota. Ndinalibe. Ndinagula masilaida ndi ndalama zanga pashopu pomwepo, n'kubwerera maola ena awiri, petulo wa galimoto wapita, tsiku lapita. N'chifukwa chake ndikuti jambulani. Ikani ka rula pakati pa tizitsulo ta thiraki ndi silaida, mbali zonse ziwiri, chithunzi chikhale ndi tsiku.

Kukonza kwake, zimene zinandipweteka kwambiri, kunanditengera madzulo amodzi okha m'galaja. Mumanyamula kumbuyo ndi chokwezera chokhala ndi chotchinga kuti thiraki ilendewere. Mumalisa injini, kuzungulitsa thiraki pang'onopang'ono kangapo, n'kuileka iime yokha osagwira buleki, chifukwa buleki amaikoka n'kukunamizani. Kumbuyo kusaime munthu, thiraki imaponya miyala ndi zidutswa za ayezi. Chitseko cha galaja chikhale chotsegula, utsi wa injini umapha mwakachetechete. Zimitsani, zulani chingwe chozimitsira injini, kenako yezani mbali zonse. Kumbuyo kwenikweni kuli mabawuti awiri okungira, koma yambani mwamasula bawuti ya ekiselo ya mawilo akumbuyo. Thiraki ikathawira kumanzere, mumamanga bawuti yakumanzere, theka la kuzungulira basi, n'kuyesanso. Kukungika kwake kumayezedwa pokoka thiraki pansi chapakati ndi mphamvu imene buku lanena. Buku langa likuti pafupifupi makilogalamu 7, mpata ukhale masentimita atatu kapena kupitirirako pang'ono. Ndinagwiritsa ntchito ka sikelo koyezera katundu wa pandege. Makampani amasiyana manambala, choncho tsatani buku lanu, osati langa. Ikakungika kwambiri imadya masilaida ndi mabeyaring'i, ikalefuka imadumpha mano mukaponda moto, mumamva khwakhwakhwa pansi pa mpando. Thiraki yatsopano imatamuka, ndiye muyezenso mukayenda makilomita mazana awiri kapena atatu.

Silaida lakale limatuluka chakumbuyo kudzera pa zenera (bowo) la thiraki mukachotsa sikuluu imodzi kutsogolo kwa njanji. Mumaligogoda ndi hamala ndi tchizulo. Latsopano lipakeni madzi a sopo, lilowa mosavuta, ndipo ngati latalika mumalidula ndi sowo.

Ndaiwala kunena za lamba wa injini, amene anayenera kukhala woyamba. Ali pansi pa chivundikiro chakumanzere, pakati pa makilatchi awiri. Snowmobile ilibe magiya osintha, lambayu ndi amene amakwera ndi kutsika pakati pa mbale za makilatchi. Watsopano amafuna makilomita pafupifupi 50 oyenda mofatsa, osanyamuka mwankhanza, osakoka katundu. Fumbi lakuda pang'ono mkati mwa chivundikiro si kanthu. Choopsa ndi m'mbali mwa lamba mukamanyezimira ngati galasi, ulusi ukayamba kutuluka, kapena pakakhala malo amodzi opyapyala kuposa ena. Malo opyapyalawo amabwera motere: makina agona panja, thiraki yaundana n'kumatirira pansi, inu mwaponda moto, kilatchi ikuzungulira koma lamba waima, ndiye amapsa pamalo amodzi. Kuyambira pamenepo makina amanjenjemera ponyamuka mpaka mutagula lamba wina. M'mawa uliwonse nyamulani kumbuyo n'kugwetsa kawiri katatu, gwedezani maski kuti amasuke, injini itenthe kaye. Mbale za makilatchi pukutani ndi kansalu ka acetone, oilo kapena girizi asayandikire. Lamba wapadera muziyenda naye, ndipo phunzirani kumusintha m'galaja motentha, osati kutchire zala zitauma. Amakhala ndi muvi wosonyeza kolowera.

Mbali inayo kuli kabokosi ka tcheni, mmene tcheni chimasambira mu oilo. Chotsekera chake chimakhala ndi maginito. Mukaona ufa wachitsulo wosalala ngati mwaye, ndi magiya atsopano akuzolowerana, pukutani basi. Tizidutswa tomveka pa chala ndi nkhani ina, pamenepo jambulani ndipo pitani nazo kwa ogulitsa, chifukwa zimenezo n'za waranti ndithu. Tcheni nacho chimatamuka. Bawuti yokungira mumamanga ndi zala zokha mpaka italimba, n'kubweza pang'ono monga buku lanenera. Mukamanga ndi sipanala chimalira ngati mluzu ndipo chimatha msanga.

Madzi oziziritsa injini anatsika chala chimodzi pambuyo pa ulendo woyamba, ndipo ndinada nkhawa pachabe. Unali mpweya wotsalira m'mapaipi umene unatuluka. Ndinawonjezera injini itazizira, sanatsikenso. Akapitiriza kutsika, yang'anani m'molumikizira mapaipi ndi pa sinowo pamene makina agona, madziwo amakhala a mtundu wowala, saphonyeka. Makina ambiri alibe rediyeta ngati ya galimoto, madzi amazizira m'zitsulo zimene zili pamwamba pa thiraki, zodalira sinowo yemweyo. Njira ikauma gwa, injini imatentha ndipo masilaida amasungunuka nthawi imodzi. Tizitsulo tokanda ayezi tomangirira ku njanji, timene amati ice scratchers, timathandiza kwambiri, ndipo mtengo wake sufika pa petulo amene ndinawotcha Loweruka lija. Ingokumbukirani kutikweza musanabwerere chammbuyo ngati tili ta mtundu wa sipuling'i yolimba, timapindika.

Kutsogolo, gonekani makina chammbali muone makabaidi, timipeni tachitsulo cholimba pansi pa maski. Konkire ya m'galaja ndi phula la pamsewu zimawabunthitsa tsiku limodzi, ndiye muziika timawilo pansi polowetsa. Maski asayang'anane mphuno. Kutsogolo kuzikhala kotambalala pang'ono kuposa kumbuyo, mamilimita atatu kapena pamenepo. Akapanikizana kutsogolo, makina amathamangira uku ndi uku potsata mikwasa ya anzanu, ndipo ngakhale pa liwiro la makilomita 50 pa ola limene lamulo la Ontario limalola m'njirazi, mapewa amatopa.

Kenako gwirani bawuti iliyonse ya sasipenshoni ndi sipanala yoyezera mphamvu. Ndinapeza imodzi yolumikiza sasipenshoni yakumbuyo ku thupi ikuzungulira ndi zala. Ikanagwa, dzenje lake likanakula, aluminiyamu sachedwa. Nayonso inali pa mndandanda wa PDI, bokosi lake litachongedwa bwinobwino. Mawilo ang'onoang'ono a m'thiraki zungulitsani ndi dzanja limodzi limodzi, lokhakhala kapena logwedera ndiye kuti beyaring'i yayamba. Chogwirira cha moto chizibwerera chokha mukachisiya, ndipo zulani chingwe chija injini ikulira kuti muone ngati ikuzimadi. Pa thanki ya oilo wa injini lembani kamzere ndi cholembera musananyamuke. Injini ya two-stroke, imene imawotcha oilo pamodzi ndi petulo, imamwa oilo wambiri masiku oyamba, koma mlingo ukapanda kutsika n'komwe imani pomwepo, injini ikuyenda youma.

Sevisi yoyamba ndidzapitabe nayo kushopu komweko, chifukwa ndikufuna chidindo chawo m'buku la waranti, ndipo kwina kulikonse ndi kutali. Ndaitanitsa tsiku la pakati pa sabata, ndawauza kuti anditumizire uthenga wolembedwa wotsimikiza kuti makaniko adzakhalapo, ndipo silaida lakumanzere lija ndalisunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi lisiti ya PDI.