Kuwala sikudutsa m'matope a Shire

Sabata yatha m'kalasi tinaphunzira za kupha tizilombo ta m'madzi ndi kuwala kwa UV, cheza chosaoneka ndi maso, ndipo nkhaniyi ndafika nayo kwathu kuno ku Bangula isanandichoke m'mutu.

Chinandidabwitsa n'chakuti m'madzimo sathiramo kalikonse. Pamakhala babu yotulutsa cheza cha mtundu wa UV-C, chimene chimawononga DNA ya kachilombo, malangizo a moyo a m'kati mwake, kuti kasaswane. Madzi amangodutsa pafupi ndi babuyo masekondi ochepa, fungo osamveka. Ngakhale kachilombo kotsegula m'mimba kotchedwa Cryptosporidium, kamene kamapirira klorini, kwa UV kamagonja. Ku Marseille, m'dziko la France, anayamba kuyeretsa madzi motere mu 1910.

Koma kuno mijigo ina madzi ake ndi amchere, ndiye ambiri timatunga ku Shire. Ndinadzaza botolo loonekera ndi madzi a mumtsinje, n'kuika dzanja kuseri kwake: zala sindinazione n'komwe. Apo m'pamene phunziro linandilowa. Cheza chimapha chokhacho chimene chachiwomba, ndipo kachilombo kakabisala kuseri kwa kadothi kamapulumuka. Madzi oterewa ayambe adikha, asefedwe, kuwala kubwere pambuyo.

Babu ndilibe, koma dzuwa la ku Chigwa cha Shire aliyense amalidziwa. UV-C ya dzuwa sifika pansi pano; imene imagwira ntchito ndi UV-A, cheza chofookerapo, pamodzi ndi kutentha, n'chifukwa chake madzi amafunika kukhala padzuwa maola 6, kapena masiku awiri kukachita mitambo. Ndinagoneka mabotolo anayi a pulasitiki, a madzi osefa, padenga la malata kuyambira m'mawa.

Madzulo amayi anafuna kuwakhuthulira mumtsuko. Ndinati, "Amayi, musatero, tizimwera m'botolo momwemo."

"Iwe, si wanena wekha kuti ayera?"

Ayera, inde, koma kuwala sikusiya mlonda m'madzi. Klorini amatsalira n'kumatetezabe. UV ikazima, ntchito yake yatha. Mwana akaviika kapu ndi dzanja losasamba, tabwerera pomwe tinayambira. Ndikakumbukira misasa ya anthu othawa madzi namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, kolera ili pakati pathu, anthu ambirimbiri akutunga m'ndowa imodzi, ndimaona kuti pamalo otero klorini sangasiyidwe. UV ndingaikonde pachipatala chokhala ndi sola, sefa yabwino ndi mpopi wake.

Mawa ndiyesa kusefa ndi mchenga m'malo mwa nsalu, ndione ngati zala zanga zioneke bwino kuseri kwa botolo.