Mulanje anandisowa mu lenzi yatsopano

Ndinasunga ndalama miyezi isanu kuti ndigule lenzi ya kamera yogwirapo kale ntchito, ya 300mm, yokokera zakutali pafupi. Cholinga changa chinali chimodzi: kuima pa phiri la Zomba n'kujambula Mulanje, nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, ioneke bwinobwino. Ndinakwera mu Seputembala, masana. Chimene ndinabwera nacho ndi chithunzi chotuwa mbuu, phiri ngati lajambulidwa ndi choko pa bolodi losafufuta bwino. Ndinatsala pang'ono kum'bwezera amene anandigulitsa.

Lenzi inalibe mlandu. Kuchoka pamene ndinaima kukafika ku Sapitwa ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo mtunda wonsewo ndi mpweya wodzaza utsi ndi fumbi. Mwezi umenewu tchire likupsa paliponse, ena akusosa m'minda, anyamata akusaka mbewa. Lenzi imakulitsa phiri, inde, koma sichotsa zimene zili pakati.

Nditawerenga ndinapeza kuti mdani si mmodzi. Mpweya wokhawokha, ngakhale woyera, umamwaza kuwala kwa buluu kuposa kofiira, mwina kasanu, n'chifukwa chake mapiri akutali amaoneka abuluu. Mdani uyu amagonja. Fyuluta ya polarizer, galasi lovekedwa kutsogolo kwa lenzi lochepetsa kuwala komwazikako, imathandiza dzuwa likakhala chakumbali kwako, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Umaizunguliza pang'onopang'ono, n'kuona mitsetse ya phiri ikutulukira. Koma imadya kuwala, ndiye kamera iyenera kukhala pa choimikira cha miyendo itatu. Ndikasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera n'kutsamira ku kuwala kofiira, miyala imaonekanso bwino.

Utsi ndi fumbi n'zouma mutu. Timadontho take n'tokulirapo, timamwaza mitundu yonse, polarizer imangopepukitsako. Fyuluta ya UV, yotchinga kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, imene ndinagula pamodzi ndi lenzi sinasinthe kanthu, pano ntchito yake n'kuteteza galasi basi.

Dehaze, batani lochotsa utsi pa chithunzi mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, nayo ndinaikhulupirira mopitirira. Ndinaikokera mpaka kumapeto, kumwamba kunada bii, chithunzi chonse chinadzaza timchenga. Tsopano ndimajambula RAW, mtundu wa chithunzi wosunga zonse zimene kamera yaona, n'kuika Dehaze pang'ono pa phiri lokha, mitengo yapafupi osaikhudza. Kunjenjemera kwa mpweya wotentha wamasana, kumene kumapinda mizere, kulibe batani lokonza.

Ndinabwereranso mu Okutobala, m'mawa wotsatira mvula ya chizimalupsa. Ndinanyamuka kusanache, manja akuzizira, nsapato zitanyowa ndi mame. Lenzi yomweyo, malo omwewo. Mulanje anali poyera, zigwa zake zikuwerengeka, nyanja ya Chilwa ikunyezimira kumanzere. Ndinajambula zithunzi 40, ndasunga zitatu. Pa chimene ndimachikonda kwambiri kautsi ndinakasiyako dala m'munsi mwa phiri, chifukwa nditakachotsa konse Mulanje anaoneka ngati ali kuseri kwa msika wa Zomba.